Ndiwo za Disembala zimalimidwa mu Seputembala

Mu Seputembala phiri la Michesi limabisala. Utsi wa lupsa ndi fumbi zimaliphimba, moti munthu woyenda pamsewu wochokera ku Migowi kupita ku Chiringa amangoona chithunzithunzi chake. Minda yayera, nandolo wathyoledwa, ndipo m'mabwalo a nyumba amayi akupuntha makoko ake ndi ndodo, ena akupeta. Mbuzi zamasulidwa zingwe. Zikuyenda m'magulumagulu, kununkhiza chilichonse chobiriwira, zina kuimirira ndi miyendo iwiri kuti zifikire tsamba la papaya. Kuchigwa, nthaka ya makande yang'ambika ming'alu yolowa dzanja. Koma apa ndi apo, kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thandala la mbale kapena bafa, pali kampanda ka udzu ndi mitengo ya nandolo. Ukasuzumira pampata umaona mizere iwiri kapena itatu ya mpiru, tsinde la tomato lomangiriridwa kukamtengo, ndi dothi lakuda lonyowa lophimbidwa ndi mapesi.

Makomo okhala ndi kampanda kotere ndi ochepa kwambiri.

Chifukwa chake si ulesi. Pa kalendala ya mlimi wa ku Phalombe, miyezi ya Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala ili ndi ntchito zake zodziwika: kugulitsa nandolo, kusosa, kugalauza mizere, kuumba ndi kuotcha njerwa, kufolera denga, ndi kutchera khutu kuti mayina a olandira feteleza wotsika mtengo atuluka liti. Dimba la pakhomo silipezeka pamndandanda umenewu. Limatengedwa ngati kantchito ka amayi kochita nthawi ikatsala, kapena chinthu chimene alangizi amabwera nacho pamodzi ndi pulojekiti. Maganizo amenewa ndi amene ayenera kusintha. Kukonza dimba la ndiwo ndi zipatso pakhomo ndi ulimi weniweni, wofanana ndi kugalauza, ndipo nthawi yake ndi imeneyi, mvula isanagwe. Banja limene lidikira mitambo kuti liyambe kuganiza za mpanda, manyowa, nazale ndi maenje a mitengo lachedwa kale ndi miyezi itatu, chifukwa mvula yobzalira ikagwa manja onse amathamangira kuchimanga ndipo palibe amene amatembenukiranso kuseri kwa nyumba.

Kuti timvetse kufunika kwake tiyenera kuyang'ana mmene ndiwo zimayendera m'chaka. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti masamba amachuluka. Madimba a m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje ya Phalombe ndi Sombani amakhala obiriwira, nyengo yozizira imachepetsa tizilombo, ndipo pamsika mpukutu wa tanaposi kapena repu umatsika mtengo. Okutobala akalowa zinthu zimatembenuka. Zitsime za m'madimba zimaphwa, dzuwa limapsereza mbande, nsabwe zimadzaza pa kabichi ndi repu, ndipo mfutso umene udasungidwa m'zikwatu nthawi ya masika umayamba kutha. Mvula yeniyeni imabwera cha kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, koma mvula sibwera ndi ndiwo tsiku lomwelo. Nkhwani ndi chitambe zimafuna masabata angapo kuti zifike pothyola. Kenako mu Januwale ndi Febuluwale madimba a kudambo amamira, tomato amasowa n'kukwera mtengo, ndipo iyi ndi miyezi yomwe m'nkhokwe mulibe kanthu, m'thumba namo muli mbee. Ndiye kuti pali mpata wa miyezi iwiri kapena itatu pamene nsima imadyedwa ndi ndiwo imodzimodzi kapena ndi mchere. Mpata umenewu suoneka m'malipoti a zokolola, koma umaoneka pasikelo ya ana. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi okwinimbira. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 patsiku, ndipo pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene amaphunzitsidwa kusikelo, awiri ndi amenewa. Magulu awiriwa ndi amene banja losauka lingadzipezere lokha popanda kupita kusitolo.

Wina angati malangizo a dimba ndi amodzi kulikonse, ku Dedza kapena ku Mzimba. Ayi. Phalombe ili ndi khalidwe lake. Boma limeneli, lomwe lidapatukana ndi Mulanje mu 1998, linali ndi anthu oposa 400,000 pa kalembera wa 2018, ndipo ambiri amakhala pachigwa chapakati pa phiri la Mulanje ndi nyanja ya Chilwa. Mphepo yachinyezi ikamachokera kumwera chakum'mawa imasiya mvula yake kumbali ya minda ya tiyi, chigwa cha Phalombe n'kutsala kuseri kwa phiri chili chouma. Nyanja ya Chilwa nayo imachitira umboni; idaphwa mu 1968, mu 1995, ndipo idaumanso kwambiri mu 2018. Mu Marichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Komabe chigwa chomwechi ndi chimene chimalandira madzi onse otsika m'mapiri. Mu Marichi 1991 napolo wochokera m'phiri la Michesi adakokolola midzi, anthu mazanamazana n'kufa. Mu Marichi 2023 namondwe Freddy adagwetsa mvula yopitirira mamilimita 1,000 ku Nkhulambe m'masiku anayi okha, ndipo chaka cha m'mbuyo mwake namondwe Ana ndi Gombe anali atadutsa kale. Dimba la pakhomo ku Phalombe liyenera kukonzedwa ndi munthu amene akukumbukira zonse ziwiri: kuti mu Okutobala madzi adzasowa, ndiponso kuti mu Febuluwale adzachuluka mpaka kufika pakhonde.

Apa ndi pamene dimba la pakhomo limaposa la kudambo. Nyumba zambiri zimamangidwa pamalo okwererapo, choncho dimba loyandikana ndi nyumba limapulumuka pamene la kumtsinje lakwiririka ndi mchenga. Koma kukwera kwa malo pakokha sikokwanira pa nthaka ya makande, imene imamwa madzi pang'onopang'ono n'kuwasunga mpaka mizu kuola. Alangizi amaphunzitsa mabedi a mitundu iwiri, ndipo ku Phalombe yonse iwiri imafunika pa dimba limodzi. M'chilimwe bedi likhale lolowa pansi pang'ono, lokhala ndi milambala m'mbali, kuti madzi othirira asathawe. Dzinja likamayandikira bedi likwezedwe, masentimita 20 kapena 30 kuchokera pansi, ndipo pakati pa mabedi pakhale tinjira totulutsa madzi. Madzi otsika padenga la malata ndi amene amaononga kwambiri. Amagwa pamalo amodzi ndi mphamvu, ndipo ngati sanakonzeredwe ngalande amadzipangira yawo pakati pa mbande. Ngalande imeneyo ikumbidwe tsopano, iloze kudzenje la nthochi kapena kumzere wa vetiva kumunsi kwa bwalo. Akuluakulu adati walira mvula walira matope, koma matope a pabwalo pako ungawauze kolowera ngati wayamba msanga.

Ntchito yoyamba pa zonse ndi mpanda, ndipo pano palibe chonyengerera.

Mbewu ikhoza kukhala yabwino, manyowa okwanira, madzi opezeka, koma mbuzi imodzi imamaliza bedi la mpiru m'kanthawi kamene mayi wapita kumjigo n'kubwerako. Nkhuku nazo zimapalasa nazale yonse m'mawa umodzi. Waya wa kusitolo ndi wodula, ndipo mabanja ambiri sangaukwanitse. Mwayi wa Phalombe ndi wakuti zomangira zimatuluka m'munda nthawi yomweyi. Mitengo ya nandolo ikathyoledwa imasiya ndodo zowongoka zotalika kuposa munthu. Mapesi a mapira ndi mitengo ya mpendadzuwa nazo zilipo. Kufupi ndi Chilwa kuli bango, kufupi ndi phiri kuli nsungwi. Vuto n'lakuti mitengo ya nandolo yomweyi ndiyo nkhuni za makomo ambiri, popeza nkhalango zidatha, ndipo imene sidapatulidwe mu Seputembala imathera pamafuwa Novembala asanafike. Ndiye kusankha kumachitika pa tsiku lotuta nandolo: mitolo ingapo iikidwe padera. Mpanda wabwino umakhala wothithikana kumunsi, kumene nkhuku ndi ana a mbuzi amalowera, ndipo chitseko chake chimatsekeka ndi chingwe, osati kungotsamiritsa chitsa. Mpanda wouma umadyedwa ndi chiswe chaka ndi chaka, n'chifukwa chake wanzeru amabzala wamoyo m'mbali mwake mvula ikagwa: khonje, gilisidiya, kapena zodula za chamwamba, zimene masamba ake ndi ndiwo kale. Nkhadze amatchinga bwino, koma utomoni wake ndi woopsa m'maso mwa ana, ndipo pafupi ndi pamene ana amasewera si malo ake.

Pali amene amati vuto la mbuzi silitha ndi mpanda, limafuna lamulo la mfumu. Akunena zoona pang'ono. Mwambo womasula ziweto anthu akakolola udakhazikika kale nthawi imene m'chilimwe munalibe chomera m'mudzi, ndipo midzi ina idapangana kale malamulo oti mwini mbuzi yoononga alipire. Koma mlandu wa mpiru umathera pabwalo la mfumu mpiru utadyedwa kale, komanso mbuzi nthawi zambiri imakhala ya mlamu kapena ya apongozi, amene simungakokerane nawo kubwalo chifukwa cha masamba. Lamulo likhalepo, koma lisakhale chifukwa chozengerezera mpanda. Komanso mbuzi yomweyo ikagona m'khola la m'mwamba imapereka chinthu chachiwiri chimene dimba likufuna.

Manyowa safulumizidwa. Ndowe yaiwisi ikathiridwa pabedi imaotcha mbande, imabweretsa njere za udzu, ndipo pa masamba odyedwa ikhoza kubweretsa matenda otsegula m'mimba. Iyenera kuola kaye, ndipo kuola kumafuna miyezi iwiri kapena itatu. Amene akufuna manyowa okhwima mu Novembala ayenera kuunjika mu Ogasiti. Njira zake zimadziwika m'midzi yambiri: ya dzenje, ya changu imene mulu wake umatembenuzidwa pafupipafupi, ndi ya chimato, imene mulu wa mapesi oduladula, masamba aawisi, ndowe ndi phulusa umamatidwa ndi dothi n'kusiya kabowo pamwamba. Chimato chimayenerana ndi malo ouma ngati ano chifukwa dothi lomata limasunga chinyezi. Ukalowetsa kamtengo pakati pa mulu n'kukatulutsa patapita masiku ochepa, kakhale kofunda. Ngati kali kozizira, mulu wauma kapena wasowa ndowe. Makoko a nandolo otsala popuntha ndi chuma pa ntchito imeneyi, koma ambiri amangowasesa n'kuwayatsa. Moto wa alenje a mbewa nawo umanyeketsa mapesi amene akadakhala manyowa kapena chophimbira mabedi. Kale munthu akadati feteleza wa m'thumba alipo, bwanji ndivutike? Lero funso limenelo lilibe mphamvu. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo thumba la feteleza lidafika pamtengo woti mlimi wamba amaligula m'timapaketi ta kilogalamu. Pang'ono pamene wapeza amapititsa kuchimanga. N'chifukwa chake manyowa a Mbeya adafala: feteleza pang'ono kusakaniza ndi gaga, ndowe, phulusa ndi madzi, kumanga m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati kwa masiku 21. Pa dimba laling'ono ngakhale Mbeya safunika kwenikweni. Ndowa ziwiri kapena zitatu za manyowa okhwima pa bedi limodzi zimakwana.

Chitsutso chachikulu kuposa zonse ndi madzi, ndipo sichiyenera kuyankhidwa mopepuka. Mu Okutobala mijigo ina imatulutsa madzi modontha, mzere wa zigubu umayamba kusanache, ndipo kumadera ena oyandikira Chilwa madzi a pansi ndi amchere, amene akathiriridwa kwa nthawi yaitali amayeretsa dothi n'kufooketsa mbewu. Mipopi yotsika kuchokera m'phiri, imene ina idamangidwa m'zaka za m'ma 1970, ndi ya madzi akumwa, ndipo siyikwanira ngakhale pa ntchito imeneyo. Kuuza mayi amene wasenza ndowa mtunda wautali kuti athirire dimba lalikulu n'kumunyoza. Yankho lagona pa kukula kwa dimbalo. Pa nyengo yotentha, malo a mita imodzi mbali zonse amafuna pafupifupi malita asanu patsiku. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita atatu m'litali likufuna malita 15, osakwana ndowa imodzi ya malita 20, ndipo likaphimbidwa ndi udzu kapena mapesi limafuna ocheperapo. Mabedi awiri otere ndi nazale yaing'ono ndi zokwanira kuolokera mpata wa Novembala. Ambiri mwa madzi amenewa adafika kale pakhomo: otsukira mpunga, mbatata ndi ndiwo, otsukuluza mbale, osamba m'manja. Lero amangokhuthulidwa pabwalo kuti fumbi ligone. Madzi a sopo wambiri ochapira ndi a kubafa asapite pa masamba. Alunjike kunthochi ndi kupapaya, zimene zimawalandira bwino. Dimba la chilimwe likhale laling'ono mwadala. Malo ena onse m'kati mwa mpanda angokonzedwa, athiridwe manyowa, aphimbidwe, adikire mvula.

Chobzala nacho chimafuna kuganizira. Kwa zaka zambiri dimba lakhala likutanthauza repu, kabichi, chayinizi ndi tomato, mbewu zogula m'mapaketi chaka chilichonse, zokonda kuzizira, ndiponso zokondedwa ndi tizilombo kukatentha. Masamba a makolo ndi amene amapirira nyengo imene ikubwerayi. Bonongwe amakonda kutentha ndipo amathyoledwa patangopita masabata atatu kapena anayi chifesereni. Luni, chisoso, denje, chitambe, nkhwani ndi therere lobala sizifuna mankhwala, ndipo mbewu yake munthu amasunga yekha m'botolo louma lothiramo phulusa. Apa ena amaseka: kubzala bonongwe, amene amamera yekha kudzala ndi m'khola? Inde amamera yekha, koma amamera mvula ikagwa, nthawi imene aliyense ali naye. Wofesedwa pabedi kumayambiriro kwa Okutobala amadyedwa mu Novembala pamene kutchire kulibe kalikonse. Komanso masamba omera okha akucheperachepera pamene minda ikupanikizana ndipo alimi ena ayamba kupopera mankhwala opha udzu, amene sasiyanitsa chisoso ndi udzu wina uliwonse. Mpiru ndi tanaposi zili ndi malo ake. Mbande zake zimaokeredwa zikatha masabata atatu kapena anayi panazale, choncho nazale yofesedwa pakati pa Okutobala pansi pa kamthunzi ka udzu imakhala yokonzeka pamene mvula ikuyamba. Chenjezo n'lakuti chizimalupsa si mvula yobzalira. Imagwa tsiku limodzi, fungo la dothi n'kudzaza mudzi, kenako dzuwa limabwerera kwa masabata awiri kapena atatu. Wookera mbande zonse tsiku limenelo amaziona zikufota.

Tomato wa dzinja ndi wamtengo pamsika chifukwa ndi wovuta: chinyezi chimabweretsa chiwawu, ndipo kuyambira cha m'ma 2016 kambozi ka Tuta absoluta kamaboola masamba ndi zipatso. Pakhomo, mitengo isanu kapena isanu ndi umodzi yomangiriridwa bwino, yosadzulidwa masamba a m'munsi, ndi yokwanira kukometsa ndiwo. Katomato kakang'ono ka makolo, kamene kamamera m'mbali mwa khola, kamapirira kuposa wa m'paketi. Madzi a masamba a nimu kapena a tsabola amathandiza pa nsabwe ngati wayamba msanga. Mankhwala ogula pamsika m'timabotolo topanda dzina asayandikire bedi limene mwana adzadyako mawa.

Mitengo ya zipatso ndi imene imavutika kwambiri ndi kuchedwa. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, ndipo chaka ndi chaka mbande zimagawidwa ndi mwambo waukulu. Zambiri zimabzalidwa m'kadzenje kokumbidwa m'mawa womwewo ndi nsonga ya khasu, m'dothi lamatope, popanda manyowa ndiponso popanda chotchinga. Ogasiti akamafika zatha. Dzenje la mtengo wa zipatso limakumbidwa mwezi umodzi kapena iwiri usanabzale, masentimita 60 m'lifupi, m'litali ndi kuya, dothi la pamwamba kuliika padera n'kulisakaniza ndi manyowa, kenako kulibwezera pansi kuti likhazikike. Pa makande, mtengo ubzalidwe pa kachulu kokwera, makamaka papaya, amene mizu yake imaola madzi akaima masiku ochepa chabe. Papaya ndi amene ayenera kuyamba chifukwa amabereka chaka chisanathe kapena chikangotha, amatenga malo ochepa, ndipo zipatso zake zimapezeka miyezi yambiri. Mango a makolo alipo ochuluka, koma onse amapsa nthawi imodzi mu Novembala ndi Disembala n'kuolera pansi. Mtengo umodzi wa mango womezanitsa, umene umayamba kubereka patatha zaka zitatu kapena zinayi, kuphatikiza gwafa ndi mandimu, zimatalikitsa nyengo ya zipatso. Pa nthochi pamafunika kusamala kwambiri. Matenda a chisaka, amene amafalitsidwa ndi nsabwe komanso ndi ana a nthochi odwala, adasesa minda ya ku Thyolo ndi Mulanje mpaka dziko lidayamba kudya nthochi za ku Tanzania ndi Mozambique. Kupempha mwana wa nthochi kwa mnansi, kumene kale kunali chibale, lero kukhoza kubweretsa matenda pakhomo. Phata lililonse lokhala ndi masamba opyapyala othithikana pamwamba lizulidwe lonse ndi mizu yomwe mu chilimwe chino, ndipo mbewu yatsopano ichokere kwa alangizi kapena kumalo ofufuza zaulimi monga Bvumbwe.

Pa mitengo pamabuka nkhani ina imene sikambidwa poyera. M'midzi yambiri ya Alhomwe mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndipo amuna ena amaona kuti kubzala mango pamalo a eni n'kugwirira ntchito anthu ena banja likadzatha. Maganizo amenewa alipo, ndipo achedwetsa mitengo yambiri. Koma amene adzadye mango amenewo ndi ana a bambo yemweyo, kaya iye alipo kaya adachoka. Ndipo popeza malo ndi a mayi ndi mbumba yake, mayi ali ndi mphamvu zonse zoloza pamene dzenje likumbidwe, chinthu chimene amayi a madera ena alibe.

Phindu lina la kampanda kameneka silidyedwa n'komwe. Ndi mbewu ya mbatata. Chaka chilichonse mvula ikagwa anthu amayendayenda kufunafuna kholowa wobzala, chifukwa wa chaka chatha adauma ndi dzuwa kapena adadyedwa ndi mbuzi. Amene ali naye amagulitsa mtolo pamtengo wokwera, ndipo ambiri amabzala mochedwa, mu Febuluwale. Bedi limodzi la kholowa losungidwa m'mpanda, lothiriridwa kawiri pa sabata, limapereka ndiwo m'chilimwe chonse, ndipo mvula ikangogwa limapereka zodula zokwanira mizere yoyamba kumunda. Mitundu ya mbatata yofiira mkati, monga Zondeni, Kadyaubwerere, Chipika ndi Kaphulira, ili ndi vitamini A wambiri, ndipo ina imakhwima m'miyezi itatu kapena inayi. Yobzalidwa mu Disembala imakumbidwa mu Marichi, chimanga chisanaume. Chimanga chikakokoloka kapena kupserera, mbewu ya mbatata ndi imene boma ndi mabungwe amathamanga nayo kukagawa, koma imafika patapita masabata, itafota pagalimoto. Banja limene lidasunga yake limabzala m'mawa mwake.

Izi zikuyankhanso amene amati masamba sakhutitsa, njala ya ku Phalombe ndi ya chimanga. Palibe amene akunena kuti bedi la bonongwe lilowe m'malo mwa nkhokwe. Koma ndalama iliyonse yogulira ndiwo mu Januwale imachotsedwa pa ndalama ya ufa, ndipo tsiku lililonse la ganyu wofunira ndiwo limachotsedwa pa kupalira m'munda mwako. Mipukutu ingapo yogulitsa pakhomo imagula mchere, sopo ndi kulipira kuchigayo. Masamba otsala mu Febuluwale ndi Marichi amafutsidwa; akaviikidwa pang'ono m'madzi otentha n'kuyanikidwa pamthunzi podutsa mphepo amasunga mtundu ndi michere kuposa oyanika padzuwa, ndipo ndi amene adzatseke mpata wa chaka chamawa.

Chitsutso chomaliza chimachokera kwa anthu amene aona mapulojekiti ambiri akubwera ndi kupita. Iwo amati madimba a pakhomo adabwerapo kale ndi mabungwe, ndi makeni, mbewu ndi zikwangwani, koma pulojekiti itatha mipanda idagwa. Izi zidachitikadi m'malo ambiri, ndipo zifukwa zake zimadziwika. Madimbawo adadalira mbewu zogawidwa zimene banja silikadatha kusunga lokha, adakula kuposa madzi amene alipo, ndipo ntchito yonse idaunjikidwa pa mayi amene ali kale ndi mtolo wa nkhuni, ndowa, mwana kumsana ndi khasu. Dimba lotere silingakhalitse. Ntchito zolemera za nyengo ino, kudula nsungwi, kuzika mitengo ya mpanda, kukumba ngalande ndi maenje pa makande ouma gwa, ndi za bambo ndi anyamata a pakhomo, ndipo zimatha m'masiku ochepa. Alangizi a ku Naminjiwa, Waruma, Kasongo, Mpinda, Tamani ndi Nkhulambe ndi ochepa poyerekeza ndi mabanja amene akuwayang'anira, koma alimi otsogola ndi amayi a m'magulu a zakudya alipo m'midzi, ndipo uthenga wa mpanda ndi manyowa ukhoza kuyenda ndi iwo mu Ogasiti, m'malo mofika mu Januwale pamodzi ndi mbande. Khonsolo ndi mabungwe ogawa mitengo ya zipatso angachite chinthu chimodzi chosafuna ndalama: kulembera mbande makomo okhawo amene dzenje lakumbidwa kale ndipo chotchinga chaima, n'kulengeza zimenezi mu Seputembala kuti anthu akumbe kugalauza kusanafike pachimake.